Chimene chinasowetsa Olivia de Havilland pa kanema kwa zaka ziwiri

Mayi wina wokonda mafilimu akale watilembera imelo: "Olivia de Havilland atafika potchuka, anangoti zii kuyambira 1943 mpaka 1946. Kodi anadwala, kapena analowa m'banja n'kusiya ntchito?"

Mayi, silinali banja ayi. Unali mlandu, ndipo gwero lake ndi kontilakiti zomwe makampani a mafilimu a ku Hollywood, ku America, ankasainitsa osewera.

Kontilakitiyo inkakhala ya zaka 7. Kampani inali ndi mphamvu yoithetsa pakatha miyezi 6 kapena chaka, koma wosewerayo analibe mphamvu imeneyo. Filimu yoti asewere ankasankha ndi mabwana, ndipo ankatha kumubwereketsa ku kampani ina, ndalama yapamwamba n'kulowa m'thumba mwawo. Msampha weniweni unali apa: ukakana gawo lomwe akupatsa, ankakuimitsa ntchito popanda malipiro, kenaka masabata onse amene wakhala pakhomo n'kuwawonjezera kumapeto kwa kontilakiti. Munthu wokanakana, zaka 7 zija sizinkatha.

Olivia anabadwira ku Tokyo mu 1916, nakulira ku California. Kampani ya Warner Bros, yomwe inamulemba ntchito, inamuphatikiza ndi wosewera mnzake Errol Flynn mu filimu ya Captain Blood mu 1935, anthu anawakonda, basi kampani n'kumangomupatsa gawo lomwelomwelo la mtsikana wokongola wodikira kupulumutsidwa. Gawo la Melanie mu Gone with the Wind mu 1939 analipeza mobwerekedwa kwa David O. Selznick, mwini wa kampani ina ya mafilimu. Atabwerera, Jack Warner, bwana wa Warner Bros, anamubwezera ku zakale zomwe zija, iye n'kuyamba kukana.

Zaka 7 za kontilakiti yake ya mu 1936 zitakwana mu 1943, kampani inamuuza kuti adakali ndi ngongole ya miyezi pafupifupi 6. Loya wake, Martin Gang, anamuonetsa gawo 2855 la malamulo a ntchito a ku California, loletsa kumanga munthu pa kontilakiti yotere kupitirira zaka 7. Mkangano wonse unagona pa kawerengedwe: zaka za pa kalendala, kapena masiku okhawo amene munthu wagwiradi ntchito? Olivia anakasuma mu Ogasiti 1943 n'kupambana. Warner inachita apilo, koma pa 8 Disembala 1944 khoti linanenetsa kuti zaka ndi za pa kalendala. Wosewera wina wotchuka, Bette Davis, anali atalimbana ndi kampani yomweyi mu 1936 n'kugonja, koma iye mlandu wake unazengedwa ku London, pa malamulo a ku England.

Mlandu uli mkati, Warner inalembera makampani ena kuti asamulembe ntchito, ndiye kusowa kuja. Ankasewera pa wailesi ndi kuyendera asilikali ovulala pankhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo kudwala mukunenako kunachitikadi pang'ono: chibayo chinamugwira ali ku zilumba za Pacific.

Ife timati ntchito yake yeniyeni inayamba atamasuka. To Each His Own ya 1946 inamupatsa Oscar, mphoto yapamwamba ya mafilimu, yoyamba, The Heiress ya 1949 yachiwiri. Mukafuna kuona kusiyana kwake, yambirani The Heiress, muyang'anitsitse momwe mawu ake akusinthira kuchoka pa kamtsikana kamanyazi kufika pa mayi wouma mtima wokwera masitepe nyale ili m'manja.

Anadzasamukira ku Paris, mu 1965 nakhala mayi woyamba kutsogolera oweruza pa chikondwerero cha mafilimu cha Cannes. Anamwalira komweko ku Paris mu Julayi 2020 ali ndi zaka 104.