Funsani Amakaniko: Kukweza bodi ya pikapu

FUNSO: Zikomo amakaniko. Ndili ndi Toyota Hilux yakale ya dizilo yomwe ndimanyamulira katundu kupita ku Usisya. Nthawi ya dzinja imakhula pansi m'malo omwe malole akumba msewu. Ndaitanitsa ku Joni zida zokwezera bodi za mainchesi 2. Kodi zithetsa vutoli, nanga zimamangidwa bwanji? Wowerenga, Chibavi

YANKHO: Bambo, tiyambe ndi kukhula pansiko, chifukwa ambiri ndalama zawo zimathera pamenepa. Injini, giyabokosi, masipuling'i ndi difu (chibulunga cha magiya chomwe chili pakati pa matayala awiri) zonse zimakhala pa chasisi, chomwe ndi chimango chachitsulo cha kunsi kwa galimoto, pomwe bodi imangokhala pamwamba yogwidwa ndi mabawuti. Zida mwagulazo zimatukula bodi yokha. Difu imatsala pomwe inali, ndipo ndi iyo imagunda mtumbira wa pakati pa msewu. Chimene chimakweza difu ndi tayala lalikulu basi, ndiye phindu la kukweza bodi ndi kupezera tayalalo malo kuti lisamakhule m'madigadi. Mukachoka pa matayala a saizi ya 205R16 kupita pa a 265/75R16, difu imakwera ndi mamilimita pafupifupi 35. Dziwaninso kuti muvi wa liwiro ukaloza 80 mudzakhala mukuthamanga pafupifupi 88, ndipo pa chikweza cha Chiweta galimoto idzafuna giya yotsika kuposa kale.

Musanagwire sipanala, yalani zidazo pansi muziwerenge. Lowani kunsi muwerenge malo onse omwe kabu ndi bodi yakumbuyo zamangidwa, ndipo timabuloko tomwe timalowa pakati pa bodi ndi chasisi tikwanire malo onsewo. Mabawuti atsopano akhale otalikirapo ndi mainchesi 2, ndipo pamutu pake palembedwe 8.8 kapena 10.9, manambala osonyeza kulimba kwa bawuti. Pakhalenso chotalikitsira shafuti ya chiwongolero, mabulaketi a radiyeta ndi a bampala. Kutatsala masiku awiri kuti muyambe ntchitoyi, thirani mafuta osungunula dzimbiri pa mabawuti akale. Ndi chinyontho cha kuno ku Mzuzu mabawutiwa amagwirana ndi manati, ndipo nati ya mkati mwa bodi ikathothoka n'kumazungulira limodzi ndi bawuti, ntchito ya tsiku limodzi imasanduka ya kwa owotcherera.

Imikani galimoto pa simenti yosalala, tsekerani matayala, chotsani waya wa negetivu ku batire. Ngati ili ndi airbag, dikirani mphindi 10. Wongolani matayala akutsogolo, mangani chiwongolero ndi lamba kuti chisazungulire, ndipo lembani chizindikiro pa shafuti musanaimasule. Chiwongolero chikazungulira chokha chimadula nthambo ya hutala ndi airbag yomwe ili mkati mwake.

Tsopano apa ndi pomwe pagona ntchito yeniyeni. Chilichonse chomwe mutu wake uli ku bodi koma mchira uli ku chasisi chidzakokeka. Yendani nazo chimodzichimodzi: mapayipi a mabuleki ndi a kilatchi otsika kuchokera pa khoma la kutsogolo kwa dalaivala, nthambo ya handibuleki, mawaya a efu (a magetsi a negetivu omangidwa ku chitsulo cha galimoto), payipi yothirira dizilo, mapayipi a madzi a hita, ndi chophimba cha fani. Masulani timakilipi tomwe tagwira zimenezi kuti zipeze mpata. Bampala ichotseni.

Kenaka masulani mabawuti onse a kabu koma musawazule. Zulani a mbali imodzi yokha. Ikani thabwa lochindikala pakati pa jeke ndi bodi kuti chitsulo chisapindike, tukulani pang'onopang'ono, wina ataima ku injini kuyang'ana chomwe chayamba kukungika. Mpata ukangokwana, lowetsani timabuloko pamwamba pa malabala akale, osati m'malo mwake. Zala zisalowe pakati pa bodi ndi chasisi. Kankhani ndi kamtengo. Lowetsani mabawuti atsopano ndi dzanja, tsitsani, chitaninso mbali inayo, kenaka bodi yakumbuyo. Malabala akakhala ong'aluka asintheni pompano.

Musalimbitse bawuti ngakhale imodzi zonse zisanalowe. Onani kuti mzere wa kabu ndi wa bodi yakumbuyo walingana ndipo zitseko zikutsekeka bwino, ndiye mulimbitse ndi torque wrench (sipanala yopima kulimba kwa bawuti) pa mlingo wa m'buku la galimotoyo, mutapaka mankhwala omata ulusi wa bawuti. Mangani chotalikitsira chiwongolero, pindani mbali zonse mpaka kumapeto kuti mumve ngati pena pakugwira. Pondani buleki mwamphamvu galimoto isanachoke. Mukayenda makilomita 500, bwererani kunsi mukapimenso bawuti iliyonse. Ife sitilangiza kupitirira mainchesi 2 pa galimoto yonyamula katundu m'mapiri: kulemera kukakwera, pa makona imapendama kwambiri. Adziwitseninso a inshuwalansi, ndipo funsani ku Road Traffic musanapite kukapimitsa COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu.

FUNSO: Chikwezereni bodi ya pikapu yanga, giya ya L4 (yotsika, yoyendetsa matayala onse anayi) imatuluka yokha, ndipo injini imatentha ndikamakwera kuchokera ku Nkhata Bay. Chavuta n'chiyani? Wowerenga, Luwinga

YANKHO: Zonse ziwiri n'zodziwika, achimwene. Ndodo ya giya ili pa giyabokosi, koma bowo lomwe imatulukira lakwera ndi bodi, ndiye ndodoyo ikugunda m'mphepete isanafike pomwe giya imakola. Chotsani labala lophimba, lowetsani L4, muona pomwe penti yakhulika. Kulitsani bowolo pang'ono kapena mutalikitse ndodoyo. Osaisiya choncho, mano a giya amatha.

Za kutenthazo, fani ili pa injini pomwe radiyeta yakwera. Tikukayikira kuti wokumangiraniyo ataona fani ikugunda chophimba chake anangochichotsa. Popanda chophimbacho fani imakoka mphepo ya m'mbali m'malo moikoka kudzera mu radiyeta, ndipo zimaonekera pa chikweza pomwe liwiro ndi lochepa. Tsitsani radiyeta ndi mabulaketi a mainchesi omwewo, bwezerani chophimba, ndipo onani ngati payipi yam'munsi sinapindike.

FUNSO: Kodi sindingadule matayala akale kapena thabwa lolimba m'malo mogula zida zodulazi? Wowerenga, Mchengautuwa

YANKHO: Ayi ndithu. Tayala limafinyika, thabwa limang'aluka likanyowa, ndipo bawuti ikangopeza mpata imayamba kusewera mpaka kuduka. Ngati ndalama zavuta, pitani kwa a lathe (makina osemera zitsulo) akusemereni timabuloko ta aluminiyamu kapena nayiloni yolimba, tonse tofanana msinkhu ndipo m'lifupi tosachepera labala lomwe tikukhalapo. Mabawuti gulani athunthu. Olumikiza awiri powotcherera amadukira pa mfundo pomwepo.