Yankho kwa achemwali amene afunsa za filimu ya The Iron Lady

Achemwali, mwafunsa ngati filimu ya The Iron Lady ingakuthandizeni kudziwa Margaret Thatcher, komanso ngati Meryl Streep, amene anasewera ngati Mayi Thatcher, anayeneradi kulandira mphoto ya Oscar chifukwa cha filimuyi. Funso lachiwirili ndilosavuta, chifukwa yankho langa ndi eya wosakayika, koma loyambalo likufunika kulifatsira.

Filimuyi inatuluka mu 2011, ndipo inatsogoleredwa ndi Phyllida Lloyd, pamene nkhani yake inalembedwa ndi Abi Morgan. Imayamba ndi gogo wofooka akugula mkaka mu sitolo ya ku London popanda aliyense womuzindikira, ngakhale kuti gogoyo ndi amene analamulira Britain monga nduna yaikulu kuyambira 1979 mpaka 1990. Akafika kunyumba amacheza ndi mwamuna wawo Denis, amene anamwalira mu 2003, ngati kuti ali naye patebulo pompo. Mbiri yonse ya ndale timaiona kudzera m'zokumbukira za nkhalamba yodwala matenda oiwalaiwala. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya filimuyi, komanso ndi pamene pagona kulephera kwake.

Za Meryl Streep ndinene mosabisa kuti anagwira ntchito yogometsa. Anthu ambiri amatamanda momwe anatsanzirira mawu a Mayi Thatcher, ndipo n'zoona kuti mayi wa ku America ameneyu anawagwira bwino kalankhulidwe kawo, kuyambira pa mawu okwera a poyamba mpaka pa mawu otsika ndi olemera amene alangizi awo anawaphunzitsa kuti amuna a m'chipani cha Conservative aziwamvera. Koma kutsanzira kokha sikukanandigwira mtima. Chimene chinandikhudza ndi momwe amayendera monga nkhalamba, momwe amakhalira chete kwa kanthawi akamafufuza liwu limene lawathawa, ndiponso momwe amabisira madokotala ndi mwana wawo Carol kuti mutu sukuyendanso bwino. Aliyense amene anasamalirapo kholo lokalamba adziwa kuti zimenezi sizongopeka. Malo amene amalongedza zovala za Denis m'matumba, kenako n'kumupempha kuti asachoke pamene anali atamuthamangitsa okha, ndi amene amandipangitsa kunena kuti mphoto imene Streep analandira mu 2012, yomwe inali Oscar yake yachitatu, sinali ya chifundo. Amene anakonza nkhope yake kuti ioneke yokalamba nawonso analandira Oscar yawo, ndipo Jim Broadbent, yemwe anasewera ngati Denis, anamuthandiza kwambiri.

Tsono ngati cholinga chanu ndi kumvetsa ulamuliro wa mayiyu, filimuyi ikupatsani zochepa. Imaonetsa bwino mtsikana wa ku Grantham, mwana wa mwini golosale, amene anapita ku yunivesite ya Oxford nadzalowa m'nyumba ya malamulo mu 1959 monga phungu wa Finchley pakati pa amuna omunyoza. Imapatsanso nthawi nkhondo ya ku Falklands ya pakati pa Britain ndi Argentina mu 1982 ndi bomba limene linaphulika mu hotelo ya ku Brighton mu 1984. Koma sitiraka ya ogwira ntchito m'migodi ya malasha ya mu 1984 ndi 1985, imene inatha pafupifupi chaka chathunthu ndipo inasiya mabala amene sanapole mpaka lero m'matauni a kumpoto kwa England ndi ku Wales, imangodutsa m'zithunzi zothamanga za apolisi ndi anthu okwiya. Woonera samva chifukwa chimene anthuwo anakwiyira. Amangoona mayi wolimba mtima ali m'galimoto, khamu likumenya magalasi, ndipo chifundo chake chimapita kwa amene ali m'galimotoyo. Msonkho umene unkalipiridwa mofanana ndi olemera ndi osauka, womwe unautsa zipolowe mu 1990, nawonso sufotokozedwa mokwanira, ngakhale kuti malo amene Mayi Thatcher amanyazitsa wachiwiri wawo, Geoffrey Howe, pamaso pa nduna zinzake anaseweredwa mwaluso ndipo amasonyeza momwe anadzidulira okha nthambi imene anakhalapo.

Kwa ife a kuno kumwera kwa Africa pali mpata wina waukulu. Mayi Thatcher anali pa msonkhano wa mayiko a Commonwealth ku Lusaka mu 1979, umene unatsegula njira ya zokambirana za ku Lancaster House ku London ndi ufulu wa Zimbabwe mu 1980. Ndi iwonso amene anakana kwa zaka zambiri kuti boma la tsankho la South Africa lipatsidwe zilango zokhwima pa chuma, mpaka kusemphana ndi atsogoleri monga Kenneth Kaunda. Mu 1989 anafika ku Malawi kuno nakumana ndi Dr. Kamuzu Banda. Zonsezi simuzipeza mu filimuyi, ndipo munthu amene angaonere yokhayo sangadziwe chifukwa chimene dzina lawo limautsirabe mkangano kuno.

Palinso nkhani imene inavutitsa anthu ambiri ku Britain, yoti filimuyi inatuluka Mayi Thatcher akadali moyo ndipo akudwala, popeza anamwalira pa 8 April 2013. Ine sindinagwirizane nawo ulamuliro wawo pa zambiri, koma ndimaona kuti madandaulo amenewa anali ndi maziko, chifukwa munthu amene sangathenso kudziyankhira anaikidwa poyera ali m'zovala zogonera. Chimene chimapeputsako mlanduwu ndi chakuti Streep sanawaseke ngakhale pamalo amodzi.

Choncho ioneni ndithu, achemwali, koma mukamaliza mufunefune zolembedwa za sitiraka ya m'migodi ija ndi za mkangano wa zilango za South Africa, kenako mubwere tidzakambirane ngati mayi amene mwamuona akutsuka kapu ya tiyi kumapeto kwa filimuyo ndi yemweyo amene anthu a m'migodi amamukumbukira.