Funsani Azakhali: Ndilowe koleji iti kuti ndidzathandize odwala maganizo?

FUNSO

Azakhali, ndine mtsikana wa zaka 19 wa ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, ndipo ndakhoza MSCE ndi mapointi 15. Madzi atasefukira kuno mu 2024 ndinaona anthu m'misasa akulandira ufa ndi zofunda, koma wowamvera za kukhosi kunalibe. Ndikufuna ndidzakhale clinical psychologist, katswiri woyeza ndi kuthandiza odwala maganizo pocheza nawo. Ndamva kuti malo a digiri yachiwiri ndi ochepa zedi. Amalume akuti ndingolowa koleji iliyonse yotchuka, amayi akuti unamwino ndiwo uli ndi ntchito. Ndiyambire pati?

Mtsikana wa ku Dwangwa

YANKHO

Mwanawe, kalata yako yandikhudza. Dziko lino anthu a ntchito imeneyi ndi owerengeka, ndipo banja la ku Benga kapena ku Linga likakhala ndi wodwala maganizo wodwalika, nthawi zambiri limaganiza za ulendo wautali wa ku Zomba Mental Hospital. Usausiye mtima umenewu.

Amalume ako akufunira zabwino, koma osankha ophunzira a Masters, digiri yachiwiri ija, sayang'ana kutchuka kwa sukulu kokha. Amatsegula pepala la zotsatira zako n'kuona ngati psychology, phunziro la maganizo ndi khalidwe la munthu, unaiphunzira mozama mpaka chaka chomaliza, mmene unakhozera, ndi kafukufuku amene unachita ndi manja ako. Choncho koleji yoyenera ndi imene ingakupatse zimenezi. Ku University of Malawi ku Zomba, komwe kale tinkati Chancellor College, kuli dipatimenti ya psychology, ndipo ine ndikanakhala iwe ndikanaika kumeneko patsogolo polemba fomu za NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede m'dziko muno. Ukalowa, usathawe phunziro la statistics ndi la njira zochitira kafukufuku. Ambiri amaliopa chifukwa cha masamu, amangofuna kupulumuka ndi malikisi a pamzere, ndiye mawa pofunsira Masters phunziro lomwelo n'limene limawatsekera khomo. Ntchito ya kafukufuku ya chaka chachinayi uichite ngati yakoyako. Nkhani uli nayo kale: mmene anthu a kwanu akupiririra atataya nyumba ndi minda. Mphunzitsi amene adzakuyang'anire ndi yemwe adzakulembere kalata yokuikira umboni, ndipo kalata ya munthu wokudziwa bwino imasiyana kutali ndi ya munthu wongokumbuka dzina.

Koleji ikakhala yoti si ya boma, usalipire ngakhale tambala usanaone pa mndandanda wa NCHE kuti yavomerezedwa, ndiponso kuti maphunziro enieniwo ndi ovomerezeka. Zimatheka sukulu kukhala yolembetsedwa koma pulogalamu ina ayi. Zimandiwawa kwambiri ndikaganiza za makolo ogulitsa mpunga ndi usipa zaka zinayi chifukwa cha pepala losagwira ntchito.

Amayi ako usawatsutse msanga. Njira yawo ilipo ndithu. Ku sukulu ya ukachenjede ya Saint John of God ku Mzuzu amaphunzitsa za thanzi la maganizo, kuphatikizapo unamwino wa odwala maganizo ndi uphungu, ndipo Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), yomwe inaima payokha mu 2021, imaphunzitsa anamwino ndi madokotala. Namwino wotere amakumana ndi odwala tsiku ndi tsiku ndipo amayamba kulandira malipiro msanga. Koma imeneyo ndi ntchito ina, ya mankhwala ndi chisamaliro cha m'wodi. Ngati mtima wako uli pa kuyeza maganizo a munthu ndi kumuchiza pocheza naye, njira yachindunji ndi psychology, ndipo ndi yaitali. Uwauze amayi zoona zake zimenezi, kuti nonse mudziwe kuti digiri yoyamba yokha siikupanga kukhala clinical psychologist.

Ukamaganiza zopita kunja, mwachitsanzo ku South Africa, dziwa kuti kumeneko amafuna Honours ya psychology, maphunziro a pakati pa digiri yoyamba ndi yachiwiri, usanalowe Masters, mapepala akunja amaunikidwa ndi bungwe lawo loona za mapepala a maphunziro la SAQA, ndipo yunivesite iliyonse imatenga anthu ochepa pa chaka atawafunsa mafunso pamasom'pamaso. Ambiri amafunsira kangapo asanatengedwe. Pa mafunso amenewo amafuna kuona ngati unakhalapo pafupi ndi munthu wovutika n'kumumvetsera modekha.

N'chifukwa chake tchuthi usamangokhala pakhomo. Pita ku ofesi ya zosamalira anthu pa boma ku Nkhotakota kapena ku chipatala chachikulu, ukapemphe kuthandiza mongodzipereka pansi pa munthu wodziwa ntchito. Uli ku Zomba, funsa ku YONECO, amene amayendetsa nambala ya ulere ya 116 yothandiza ana. Uzilemba m'kope masiku ndi zimene wachita, osatchula maina a anthu, ndipo pochoka uzipempha kalata.

Za fizi, ukangosankhidwa lembera msanga ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndipo uzimvetsera tsiku lotsekera.

Ndine Azakhali ako