Alamu anandilanda katundu, tsopano apongozi akufuna kuona adzukulu

Azakhali,

Amuna anga anamwalira chaka chatha. Sabata isanathe titaika maliro, alamu anga anabwera ndi kagalimoto kwathu ku Chawama mu Lusaka n'kunyamula mipando, firiji, ndi mbaula yomwe. Pano akuti agulitsa nyumba. Ndimapikula tomato ku msika wa Soweto kuti ana atatu adye. Apongozi aakazi akudwala ku Katete, ndipo mwezi watha anatumiza thumba la chimanga pa basi ndi uthenga woti akufuna kuona adzukulu. Thumbalo sindinalimasule. Mtima wanga unauma, sindikhulupiriranso munthu, ndipo usiku ndimadzifunsa kuti ndikukhalira chiyani.

Wamasiye wa ku Chawama

Mwana wanga, pepani kwambiri. Zimene anachita alamu anuwo ndi kuba, musalole wina akuuzeni kuti ndi mwambo.

Tiyambe ndi nyumba. Lamulo la dziko la Zambia la 1989 la Intestate Succession Act limati munthu akamwalira osasiya wilo, 50 peresenti ya chuma imapita kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndipo 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Nyumba ndi katundu wa m'nyumba n'zanu inu ndi ana, ndipo muli ndi ufulu wokhalamo moyo wanu wonse pokhapokha mutakwatiwanso. Tengani mapepala a nyumba ndi chikalata cha imfa, mupite kupolisi ku Victim Support Unit. A Legal Aid Board amathandizanso amene sangakwanitse kulipira loya. Musadikire wogula afike pakhomo.

Koma ine maso anga ali pa thumba lija. Mayi wokalamba, wodwala, amene waika m'manda mwana wake, anatonola chimanga, n'kusoka pakamwa pa thumba, n'kupeza ndalama yolipira basi kuti lifike ku siteshoni ya mabasi ya Intercity. Kodi tsiku lonyamula mipando analipo? Simunatero. Ndikudziwa akulu amati nsomba ikawola imodzi zonse zawola, koma pabanja mawu amenewa apweteketsa ambiri, ndipo amene amaluza agogo ndi ana. Sindikukuuzani kuti muiwale, kapena kuti museke ndi alamu anu mlandu usanathe. Ndikungoti mayiyu mumuyese ndi zochita zake iye mwini.

Za funso lanu la usiku, landigwira mtima. Munthu amene amadzuka kusanache kukalimbana ndi mabokosi a tomato sanataye moyo ayi, watopa chabe, ndipo akulira yekha. Ana atatuwo ndi chifukwa chachikulu, komanso inu ndinu munthu panokha. Bwererani kwa azimayi anzanu, kaya kuchigwirizano cha kutchalitchi kaya kuchilimba (gulu losonkherana ndalama), pakuti pali amasiye ena amene sadziwa n'komwe lamulo ndakuuzanili, ndipo adzalimvera kwa inu. Maganizo odzipweteka akakubwererani, imbani 933 ku Lifeline, n'kwaulere, kapena uzani munthu amene mumam'dalira usiku womwewo.

Lamlungu likubwerali aimbireni apongozi, anawo awapatse moni agogo awo. Za ulendo wa ku Katete mudzaona sukulu zikatsekera, mutamva kaye mmene akulankhulira.

Azakhali