Mtengo umodzi wa Morello ndi wokwanira, koma samalani ndi kadulidwe ka nthambi

Mayi, mwafunsa ngati mtengo umodzi wa matcheri owawasa ungabereke uli wokha m'kadimba kanu ka ku Glasgow, kumene malo otsala ndi m'mbali mwa khoma loyang'ana kumpoto basi, mbali imene kunoko sifika dzuwa lambiri, komanso ngati chisanu cha ku Scotland sichingauphe. Ine ndili ndi mtengo wotere kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Yorkshire, choncho ndikuyankhani malinga ndi zimene ndaona.

Gulani mtundu wotchedwa Morello. Maluwa ake amagwira chipatso ndi mungu wa mtengo womwewo, motero simufunika kubzala wachiwiri monga zimakhalira ndi mitundu yambiri ya matcheri otsekemera, ngakhale kuti njuchi zimafunikabe kuti zinyamule munguwo. Khoma lanulo lisakudetseni nkhawa, chifukwa Morello ndi umodzi mwa mitengo yochepa ya zipatso imene alimi a kuno akhala akuibzala dala pa makoma osafika dzuwa lambiri. Kuzizira nako mtengowu umakufuna kuti ugone m'nyengo yachisanu ndi kudzachita maluwa bwino, ndipo n'chifukwa chake sungachite bwino m'madera otentha a kwathu monga ku Nsanje kapena ku Salima. Choopsa ndi chisanu cha mochedwa chimene chimagwa maluwa atatseguka kale, cha mu April kapena kumayambiriro kwa May. Mukamva kuti usiku kuzizira kwambiri, funditsani mtengowo nsalu yopepuka ija amati fleece, ndipo muichotse m'mawa kuti njuchi zifike.

Pogula, funsani tsinde limene anaumezanitsapo. Womezanitsidwa pa tsinde lotchedwa Colt umakula kwambiri ndipo umafuna khoma lalitali ndi lotambalala, pamene wa pa Gisela 5 umakhala wamfupi koma umafuna nthaka yachonde ndi kuthirira mosadumphitsa. Mitengo yogulitsidwa yopanda dothi kumizu ndi yotsika mtengo, ndipo imabzalidwa pakati pa November ndi March, pamene nthaka sinaume ndi chisanu. Musaugunditse kukhoma, chifukwa dothi la m'tsinde mwa khoma limakhala louma ngakhale m'dziko la mvula ngati limenelo; siyani mpata wa masentimita pafupifupi 30, ndipo pamene anamezanitsira pakhale pamwamba pa dothi.

Pamene anthu ambiri amalakwitsa, ine ndemwe ndili m'gulu lomwelo, ndi podulira nthambi. Chaka china ndinatenga chodulira mu January n'kuusadza mtengo wanga monga ndimachitira ndi wa maapulo, ndikuchotsa timphukira tonse tatitali timene ndinkaona ngati tikungosokoneza maonekedwe. Itafika nthawi yokolola, zipatso zonse zinakwana m'kambale kamodzi ka ndiwo. Chifukwa chake n'chakuti Morello amabereka makamaka pa nthambi zimene zinaphuka chaka chathachi, choncho ndinali nditataya zokolola zanga ndi manja anga. Kuwonjezera apo, kudulira m'nyengo yozizira ndi yachinyezi kumatsegula khomo la matenda otchedwa silver leaf, amene amalowera pa mabala n'kuchititsa masamba kuoneka otuwa ngati siliva, kenako nthambi n'kuyamba kuuma. Ine ndinachita mwayi kuti matendawo sanaugwire.

Nthawi yoyenera ndi m'chilimwe, mukangomaliza kukolola, patsiku lopanda mvula. Dulani zina mwa nthambi zimene zabereka, pafupi ndi pamene patuluka mphukira yatsopano, ndipo mphukirayo muimangirire pa waya woyalidwa chopingasa pakhoma kuti ndiyo idzabereke chaka chamawa. Mukausiya osaudulira n'komwe, zipatso zimathawira kunsonga chaka ndi chaka, ndipo pakati pa mtengo pamatsala nthambi zazitali zopanda tsamba ngakhale limodzi.

Mbalame nazo musazipeputse. Zakuda zija za milomo yachikasu zimayamba kujompha zipatso zikangoyamba kufiira, ndipo m'mawa wina mudzangopeza njere zili lendelende pa timapesi. Ikani ukonde msanga, koma muukoke kuti ukhale wolimba ndi wotsekeka pansi, chifukwa ukonde wolendewera umakola mbalame n'kuzipha.

Zipatso zimapsa kumapeto kwa July kapena mu August, ndipo kwanuko zingachedwerepo pang'ono. Dikirani zifiire mpaka kuderako, ndipo muzidule ndi sizasi pamodzi ndi timapesi take, kuti musang'ambe khungwa la nthambi. Ana anu asayembekeze kukoma kwa matcheri a m'sitolo, chifukwa awa ndi owawasa ngati bwemba, oyenera kuphikidwa ndi shuga kapena kupangira jamu. Zaka ziwiri zoyambirira mtengowo udzakhala ukumanga mizu ndi nthambi, motero zokolola zenizeni muziyembekezere kuyambira chaka chachitatu kapena chachinayi.