Yankho: Ilala ikaima pa Likoma, muchite chiyani?

Achimwene a ku Nchalo, mwafunsa zoti mungachite pa maola ochepa amene Ilala imaima pa chilumba cha Likoma. Musanatsike, funsani ogwira ntchito m'sitimamo nthawi yonyamukira, chifukwa ikaliza huta siyembekeza munthu.

Mukangoponda mtunda, lunjikani ku tchalitchi cha Anglican cha St Peter's ku Chipyela. Anayamba kuchimanga mu 1903, ndipo mukalowa mudzadabwa kuti nyumba yaikulu chonchi inamangidwa bwanji pakati pa nyanja. Musathamange m'menemo. Khalani pansi kaye, muone mawindo a magalasi amitundumitundu ndi zosemasema za mkati. Kwa ine, ngakhale mutaona chokhacho, ulendo wapindula.

Nthawi ikatsala, pitani kugombe. Ife tinazolowera madzi a matope a Shire ndi mantha a ng'ona. Kumeneko madzi ndi oyera mbee, tinsomba ta mbuna mukutiona m'miyala, mapiri a Mozambique ali tsidya lija. Komabe funsani eni dera malo abwino osambira.

Milambe musatayirepo nthawi, ku Chikwawa kuno ili mbwee. Tengani ndalama m'manja zogulira nsomba ndi kulipira njinga yamoto pobwerera kudoko.