Yankho kwa amalume pa za zipani ndi zigawenga za ku Sudan

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Funso lanu lija pa gulupu ndaliona, loti zimatheka bwanji chipani chofuna mavoti kukagwirana manja ndi zigawenga zonyamula mfuti monga mwamvera pa wailesi za ku Sudan, komanso ngati zoterezi zimabweretsadi mtendere. Kulemba kunditalikira, ndiye ndingolankhula, mundipirire pang'ono.

Nkhaniyi ndi yakale ndithu. Omar al-Bashir mukumukumbuka eti? Uja anabwera ku Lilongwe ku msonkhano wa COMESA mu 2011, kenaka mu 2012 Mayi Joyce Banda n'kukana kumulandira chifukwa khoti la ICC linkamufuna, mpaka msonkhano wa African Union unasamukira ku Addis Ababa. Eee, ameneyo. Mu Januwale 2014 analengeza kuti akuitana aliyense ku zokambirana za dziko lonse. Apo n'kuti nkhondo ili mkati ku Darfur kuyambira 2003, komanso ku South Kordofan ndi Blue Nile kuyambira 2011. Ena anavomera, mmodzi mwa iwo Sadiq al-Mahdi wa Umma Party, yemwe anali nduna yaikulu pamene Bashir ankalanda boma mu 1989. Tangoganizani amalume, amene anakulanda mpando akukuitana kuti mukambirane, iwe n'kupitadi. Koma mu Meyi chaka chomwecho, al-Mahdi atadzudzula asilikali a Rapid Support Forces, a RSF aja, gulu lankhondo lomwe linkamenyera boma la Bashir, pa nkhanza zawo ku Darfur, anamumanga, n'kukhala m'ndende pafupifupi mwezi. Umma Party inatuluka mu zokambiranazo pomwepo. Mungakambirane bwanji ndi munthu woti mukatsegula pakamwa akutsekerani?

Atatuluka anapita ku Paris, ndipo mu Ogasiti anasainirana ndi Malik Agar, wapampando wa Sudan Revolutionary Front, mgwirizano wa magulu a zigawenga za ku Darfur ndi za SPLM-North, zomwe zinkamenya nkhondo ku South Kordofan ndi Blue Nile. Pa 3 Disembala 2014 ku Addis Ababa kunabadwa mgwirizano waukulu wotchedwa Sudan Call: Umma Party, zipani zina zotsogozedwa ndi Farouk Abu Issa, zigawengazo, ndi mabungwe omwe si aboma. Ankafuna nkhondo ithe, ulamuliro wa chipani chimodzi uthe, pakhale boma longogwirizira mpaka chisankho. Abu Issa, mkulu wa zaka zoposa 80, ndi loya Amin Mekki Medani atangobwerera ku Khartoum anamangidwa, anatuluka mu Epulo 2015.

Ndiye chinawakumanitsa n'chiyani? Aliyense anali ndi chimene mnzake alibe. Zipani zinali ndi anthu m'matauni, koma boma silinkaziopa n'komwe. Zigawenga zinali ndi mfuti, koma kutali ndi likulu, ndipo anthu a ku Khartoum ankaziona ngati magulu omenyera mitundu yawo basi. China, boma linkakonda kuwagawa. Za Darfur linkati zinakambidwa kale ku Doha, za South Kordofan ndi Blue Nile zikambidwe ku Addis Ababa pamaso pa Thabo Mbeki, amene anali mkhalapakati wa African Union, zipani nazo zikhale pazokha ku Khartoum. Aliyense azipatsidwa kampando kake kumbali. Iwowa pogwirizana ankati ayi, vuto ndi limodzi, chuma ndi mphamvu zonse zimaunjikana ku likulu, ndiye tikambe pamodzi. Pamenepo ine sindingawadzudzule amalume, ndipo ndikuona kuti ankanena zoona.

Poyamba zinathandiza ndithu. Mu Disembala 2018 buledi atakwera mtengo katatu, zionetsero zinayamba ku Atbara n'kufalikira dziko lonse. Mu Januwale 2019 Sudan Call inalowa mu mgwirizano wa Forces of Freedom and Change, ndipo pa 11 Epulo Bashir anagwa. Koma mudziwe kuti amene anadzadza misewu anali achinyamata, amayi, madokotala, aphunzitsi, anthu opanda ngakhale mpeni m'manja. Ndi iwonso amene anaphedwa pa 3 Juni pamene asilikali anakabalalitsa anthu kunja kwa likulu la asilikali.

Chimene chimandiwawa chikubwera apa. Mu Okutobala 2020 ku Juba, ena mwa atsogoleri a zigawenga anasaina pangano la mtendere, n'kulandira maudindo. Agar analowa mu khonsolo yolamulira dziko, Gibril Ibrahim anakhala nduna ya zachuma, Minni Minnawi anakhala bwanamkubwa wa Darfur. Patangotha chaka, otsatira a Gibril ndi Minnawi anakamanga misasa kunja kwa nyumba ya boma kupempha asilikali kuti athetse boma longogwirizira la nduna yaikulu Abdalla Hamdok, lomwe linabwera Bashir atagwa. Pa 25 Okutobala 2021 mkulu wa asilikali, Abdel Fattah al-Burhan, analandadi boma. Andale anzawo aja anatengedwa m'nyumba zawo kupita kundende, koma Gibril ndi Minnawi anakhalabe pa mipando yawo. Anthu omwe anasainira limodzi ku Addis Ababa, amalume! Wamfuti ali ndi poti n'kukambirana ndi wamfuti mnzake, pamene wandale akasiyidwa alibe chogwira.

Ndiye pa funso lanu loti zimabweretsa mtendere, ine ndinganene kuti ku Sudan zinathandiza kuchotsa munthu mmodzi, koma mtendere ayi. Anagwirizana za amene achoke, osagwirizana za amene adzasunge mfuti iyeyo akachoka. Onani mmene nkhondo ya pa 15 Epulo 2023 inayambira. Mkangano waukulu unali woti a RSF, omwe mtsogoleri wawo ndi Hemedti, alowe liti m'gulu limodzi la asilikali a dziko. A Burhan ankati pa zaka 2, a Hemedti ankati pa zaka 10. Lero anthu oposa 10 miliyoni anathawa m'nyumba zawo, ena ali ku Chad, ena ku Egypt, ena ku South Sudan.

Anzawo a Sudan Call aja pano ali mbali zonse ziwiri. Agar ndi wachiwiri kwa Burhan, ankhondo a Minnawi ndi a Gibril akumenya limodzi ndi asilikali a boma. Zimene mwamva pa wailesizo ndikukhulupirira ndi za ku Nairobi, komwe mu Febuluwale 2025 Abdelaziz al-Hilu wa SPLM-North anasainirana ndi a RSF kuti apange boma lawo. Pa osainawo panalinso Fadlallah Burma Nasir, amene anatenga utsogoleri wa Umma Party al-Mahdi atamwalira mu 2020, ndipo chipanicho chinagawikana chifukwa cha zimenezi, poti RSF yake ndi yomwe ija al-Mahdi anamangidwira poidzudzula.

Ndilekere pomwepa, foni yatsala pang'ono kuzima. Mupereke moni kwa azakhali ndi ana onse.